Injini Yachilendo mu Pijo

Mwezi wa Okutobala chaka cha 1983, dzuwa la ku Golomoti linkaotcha mpaka sipanala yosiyidwa pamtetete osagwirika. Hilario Chimpeni anali ndi galaja yake pansi pa mtengo wa mtondo kuseri kwa msika, ndipo madalaivala a njira ya ku Salima onse ankamudziwa. Anali bambo wa zaka makumi anayi, wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kunena kuti sakudziwa.

Tsiku lina m'mawa panafika Pijo ya pikapu, yakalekale, yotuwa, ikufuka nthunzi ngati sitima ya malasha. Woyendetsa anali Mai Ursula a ku Mua, mzamba wopuma pantchito amene anabadwitsa ana ambiri a m'deralo, kuphatikizapo ana atatu a Hilario, kuyambira Rozi, mwana wake woyamba. Kuyendetsa anaphunzira kale, nthawi imene ankathamangira amayi oyembekezera kumidzi.

"Bambo a Rozi, ndakubweretserani wodwala," anatero akutsika. "Ndamugula kwa mlimi wina wa fodya ku Ntcheu. Koma madzi akumwa kuposa ng'ombe."

Hilario anadikira kuti nthunzi ithe, kenaka anatsegula boneti. Vuto analiona nthawi yomweyo, madzi ankachucha pa pampu. Koma chimene chinamuimitsa mutu ndi injini yeniyeniyo. Siinali ya Pijo. Wina anaipaka penti yobiriwira yochindikala, pamwamba pake panamatirira oilo ndi fumbi la zaka zambiri, ndipo kachitsulo ka nambala kanalibepo.

"Pampu ya madzi yatha, mayi. Koma injini iyi si yake ya galimotoyi."

"Nanga ndi ya chiyani?"

Amuna amene ankasewera bawo pafupipo anali atasiya bawo lawo n'kuzungulira galimoto ija. Onse anayang'ana Hilario.

"Ndi ya Ositini," anatero, mawu ake ali olimba kuposa mtima wake.

Mai Ursula anamuuza kuti mwana wawo Agnes akukwatiwa ku Bembeke pakatha masabata atatu, ndipo galimotoyo inayenera kukwera msewu wa m'phiri wa Khwekhwerere itasenza mbuzi ziwiri, matumba a mpunga ndi azakhali osatha kuyenda. Hilario analonjeza. Tsiku lomwelo anapatsa kalata mnzake Frank, gadi wa sitima, kuti akamugulire pampu ya Ositini ku Limbe.

Patatha masiku asanu pampu inafika, yatsopano, yonyezimira. Hilario anaiika pamalo pake, mabowo a mabawuti osakumana. Anaitembenuza, osakumana. Anaipendeketsa, anaiyang'ana ndi diso limodzi, anainong'oneza mawu oipa, koma bowo limodzi lokha ndilo linkalola. Pomaliza anaikulunga m'chisaka n'kuibisa pansi pa benchi, anthu a bawo asanaone.

Masana kunyumba chakudya chinamukanika. Mkazi wake Christina anamuyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Ndi galimoto ya Mai Ursula, eti? Pitani kwa bambo."

Hilario anakankhira mbale pambali. Bambo ake a Christina, a Lazaro a ku Mtakataka, anagwira ntchito ya umakaniko ku Halale zaka makumi awiri asanabwerere kumudzi. Tsopano maso awo anali ndi ng'ala, ankangolima thonje pang'ono. Pa zaka khumi ndi zitatu za ukwati wake, Hilario ankapita kwa apongozi kukafolera nyumba, kukathandiza kukolola ndi kukhala nawo pamaliro, koma za injini sanafunsepo ngakhale kamodzi. Ankaopa kuti mkuluyo adzati mwana wake anakwatiwa ndi womanga njinga chabe.

"Adzandiseka," anatero.

"Adzakusekanidi," anayankha Christina. "Akatha kuseka adzakuuzani."

M'mawa mwake Hilario anabwezeretsa pampu yakale ija, ndipo iye ndi Mai Ursula ananyamuka ndi zigubu zinayi za madzi. Ulendowo unali wa imaima. Akayenda pang'ono nthunzi inkayamba, n'kuima pamthunzi, kudikira, kuthira madzi, n'kupitanso. Pa mphambano ya ku Mua zigubu zinali zitatha, amayi a pa mjigo n'kuwadzazira kwinaku akufunsa Mai Ursula ngati galimotoyo ili ndi malungo. Ku Mtakataka anafika dzuwa lili paliwombo.

A Lazaro anali pakhonde akupota chingwe cha khonje. Atamva kulira kwa galimoto anasiya chingwe, n'kupendeketsa mutu.

"Zitseko zikulira ngati Pijo," anatero alendo asanapereke ndi moni womwe. "Koma wam'katiyo ndi Mngelezi. Ndani ameneyo?"

"Ndine, bambo. Ndabwera ndi Mai Ursula."

"Akamwini! Mwabwera ndi galimoto kwa ine?" Nkhope ya mkuluyo inawala ngati ya mwana wopatsidwa nzimbe. "Amayi a Christina, tulukani mudzaone! Akamwini abweretsa galimoto!"

A Nyamazizi, mkazi wawo, anatuluka n'kupereka moni kwa Mai Ursula. Kenaka anapatsa Hilario moni atagwada chapatali, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse, nayenso anayankha atanjuta, maso ali pansi. Chikwatirire Christina, Hilario anali asanakhalepo pamphasa imodzi ndi apongozi ake aakaziwa, ndipo mawu onse amene analankhulana akanakwana pa tsamba limodzi la kope.

Injini itazizira, a Lazaro anapinda malaya n'kulowetsa manja. Anapapasa mapulagi, anawerenga mabawuti ndi zala, anatsatira paipi iliyonse mpaka kumene ikuthera, ananunkhiza ngakhale oilo. Hilario anawafotokozera zonse, ndi za pampu ya ku Limbe zomwe. Mkuluyo anaseka mpaka kutsamira galimoto.

"Ositini? Akamwini, Ositini ndi wonenepa m'chiuno. Uyu ndi Hilimani."

"Hilimani ndinakonzapo, bambo. Kabureta yake siikhala chonchi."

"Kabureta munthu amasintha ngati chipewa. Masulani pampuyo ndiigwire."

Hilario anamasula pampu n'kuipereka. A Lazaro anaipapasa nthawi yaitali, kumwetulira kuja kukuchepa pang'onopang'ono. Anaiika pa mpando n'kukanda mutu.

"Hilimani wake ndi wa chaka china," anatero motsitsa mawu.

Nthawi imeneyo a Nyamazizi ankabwera ndi mtsuko wa thobwa. Podutsa pa mpando paja anaima, anayang'ana pampu ija, anatula mtsuko n'kuitembenuza ndi chala kuti aone mbali imene imagundana ndi injini.

"Atate a Christina," anatero, "auzeni akamwini kuti iyi ndi Konso."

"Konso wa chiyani? Inu pitani mukatenge makapu."

"Auzeni akamwini kuti ndi Fodi Konso. Makapu ndibweretsa."

Analowa m'nyumba, ndipo potuluka anali ndi makapu kudzanja limodzi, kwinako chitini chakale cha mabisiketi, chadzimbiri m'mbali. Anakhala pansi n'kutsegula. Munali timakatoni tambirimbiri toduladula, tina tozungulira, tina tokhala ndi timakutu, kalikonse ndi mabowo ake. Anasanthula, anatulutsa kamodzi n'kukagoneka pa pampu. Kanakhala ndendende, bowo pa bowo.

Mai Ursula anaomba m'manja. Hilario anaiwala ulemu wake n'kuyang'ana apongozi ake m'maso.

A Lazaro anapapasa kakatoni kaja pa pampu, n'kugwa nacho chiseko. "Ndagonja! Ndi Konso ndithu. Akamwini, musadabwe. Ku Halale ndinkatenga ntchito zapadera kumakonzera pakhomo Loweruka ndi Lamulungu. Magasiketi onse, timakatoni totseka polumikizira ngati kameneka, ankadula ndi amayi anuwa. Ine ndinkadziwa injini kutsogolo, iwo ankaidziwa polumikizira."

"Ndipo auzeni," anawonjezera a Nyamazizi akuthira thobwa, "kuti asavutike ndi ku Limbe. Pampu ili kuseri kwa nkhokweko."

Kuseri kwa nkhokwe kunali chigalimoto chimene Hilario ankachiona chaka ndi chaka osachilabadira. Chinalibe matayala, chinakhala pa njerwa, ndipo maungu ankayanga padenga pake. Inali Zefa imene banjali linabwerera nayo kuchokera ku Halale, itasenza makina osokera, bedi lachitsulo ndi ana asanu. Giya bokosi yake itasweka, a Lazaro anapaka girizi paliponse poyenera n'kuisiya pomwepo.

"Koma Zefa ndi ya masilinda sikisi, bambo," anatero Hilario. "Iyi ndi ya anayi."

"Ndi pachibale amenewa, a fakitale imodzi ku Mangalande. Anajambula injini imodzi, wina n'kumupatsa masilinda anayi, wina sikisi. Kutsogolo nkhope ndi imodzi. Tengani masipanala."

Hilario anathamanga ndi bokosi lake. Atakweza boneti ya Zefa, anabwerera m'mbuyo mofulumira atagwira dzanja. Pakati pa injini ndi redieta, pamwamba pa pampu penipeni, panali thadzi lakuda litafutukula nthenga, diso lili psuu, ndipo linali litamujompha kale pachala.

"Auzeni akamwini atseke bwinobwino," anatero a Nyamazizi osatekeseka. "Likufungatira mazira khumi ndi awiri. Kwatsala masiku asanu ndi limodzi."

"Sitingalisamutsire m'dengu?" anafunsa Hilario, akuyang'ana a Lazaro.

"Limenelo likasunthidwa limathawa mazira. Linachitapo kale."

Onse anatembenukira kwa Mai Ursula, mwini galimoto ndi mwini ukwati. Iwo anawerenga masiku ndi zala, anamwa thobwa, n'kupukuta pakamwa.

"Ine ntchito yanga yonse inali yodikira ana kuti abadwe," anatero. "Sindingayambe lero kuthamangitsa mayi pa mazira. Tidikira."

Pijo inatsala ku Mtakataka. Hilario anaganiza kuti masiku odikirawo akhala otayika, koma tsiku lachiwiri anapezeka wapalasa njinga kubwereranso, ati kukatsuka injini. Anaitsuka ndi palafini, anapala penti ndi kampeni, ndipo pambali pake panatuluka tizilembo tinayi: EnFo. A Lazaro anatipapasa n'kunena kuti ndi chizindikiro cha Fodi wa ku Mangalande, kusiyanitsa ndi wa ku Amereka. Kuchokera pamenepo nkhani sizinathenso. Mkuluyo anamuuza mmene ungadziwire dziko la injini poona sipanala imene ikulowa pa nati, mmene Afalansa amaganizira mosiyana ndi Angelezi, ndi chifukwa chake amakaniko akale sankataya injini yamoyo thupi la galimoto likafa. Hilario naye anawauza za ma Datisani ndi ma Toyota amene anali atadzaza msewu, ndipo mkuluyo ankamvetsera pakamwa pali yasa, n'kumafunsa mafunso ngati wophunzira.

Tsiku lachinayi analowa onse awiri pansi pa Pijo kuti aone mmene injini ya Fodi inagwirizanirana ndi giya bokosi ya Pijo. Pakati pake panali chitsulo chophwatalala chimene munthu wina anachidula ndi tchizulo, n'kuchisalaza ndi tupa, n'kuboola mabowo ake onse ndi manja. A Lazaro anayendetsa zala m'mphepete mwake mobwerezabwereza.

"Munthu ameneyu analibe makina," anatero. "Analibenso changu. Ndipo anali wamanzere, tamvani mmene tupa inkayendera."

"Mukumudziwa, bambo?"

"Ayi. Mwina wa ku Ntcheu, mwina wa ku Tete, ndani angadziwe? Koma ndikanakumana naye ndikanamuphera tambala."

Anagona chagada pansi pa galimotopo kwa kanthawi, mkamwini ndi mpongozi wake, akusirira ntchito ya munthu amene sadzamuona.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi Hilario anafika m'mamawa, n'kupeza Mai Ursula afika kale pa basi. Thadzi linali pabwalo likuyenda monyada ndi anapiye khumi ndi mmodzi. Dzira limodzi linali losukusa.

"Khumi ndi mmodzi pa khumi ndi awiri," anatero Mai Ursula. "Ngakhale kuchipatala timathokoza."

Pampu ya Zefa inatuluka mosavuta chifukwa cha girizi wa a Lazaro. Anainyika m'palafini, anaipukusa ndi dzanja mpaka inayamba kuzungulira myaa. Chinatsala ndi gasiketi. Hilario anatenga katoni ya sopo n'kuigoneka pa pampu, anatenga nyundo n'kuyamba kugogoda m'mphepete monga ankachitira kugalaja kwake. Katoni inang'ambika. Anayesa ina, inang'ambikanso pabowo.

"Atate a Christina, auzeni akamwini kuti..." A Nyamazizi anayamba choncho, koma a Lazaro anali atapita kuseri. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, anayang'ana katoni yachitatu imene inali pafupi kuwonongeka, n'kulephera kupirira.

"Iii, bambo a Rozi, mukupha njoka kodi? Bweretsani kuno."

Anakhala pansi pafupi ndi Hilario, mawondo kutsala pang'ono kugundana. M'chitini muja anatulutsa kanyundo kakang'ono ka mutu wozungulira, kogwirira kake kosalala ndi ukalamba. Anayamba ndi mabowo, kugogoda pang'onopang'ono, go go go, n'kulowetsa bawuti m'bowo lililonse kuti katoni isasunthe. Kenaka anazungulira m'mphepete, chitsulo cha pampu chikudula chokha katoni kuchokera pansi.

"Nyundo siidula," anatero. "Imangouza chitsulo podula. Gwirani, malizani mbali iyi."

Hilario analandira kanyundo kaja. Anagogoda. "Peputsani dzanja," anatero apongozi. Anagogodanso. "Eya, choncho." A Lazaro pobwerera anamva mawu awiriwo akuchokera malo amodzi, anaima n'kufunsa Mai Ursula kuti, "Kodi makutu anga akundinamiza?" Mai Ursula anangowagwira mkono kuti akhale chete.

Gasiketi inatuluka yosalala ngati ya m'sitolo. Anaipaka girizi, Hilario anamanga pampu, anakoka lamba wa fani, anadzaza madzi. Mai Ursula analiza injini. Onse anayi anawerama kuyang'ana pansi, ngakhale a Lazaro amene sakanaona kanthu. Panadutsa mphindi khumi, dothi lili gwaa, louma.

"Pabwalo pano galimoto iliyonse ndi yabwino," anatero a Lazaro. "Mboni ndi Khwekhwerere."

M'mawa mwake, kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike, ananyamuka kukayesa. A Lazaro anavala jekete yawo ya ku Halale. A Nyamazizi anati iwo atsala, koma Mai Ursula anakana kuliza galimoto mpaka mayiyo atakhala kutsogolo pambali pawo. Amuna awiriwo anakwera kumbuyo pamodzi ndi matumba anayi a mchenga olowa m'malo mwa mbuzi ndi azakhali.

Atadutsa Golomoti msewu unayamba kukwera, wafumbi, wamiyala, wokhotakhota ngati chingwe chotayidwa pansi. Mai Ursula anaika giya yachiwiri, kenaka yoyamba. Pa kona iliyonse Hilario ankasuzumira kutsogolo kufuna nthunzi, mtima uli m'mwamba. A Lazaro anatsamira kumbuyo kwa kabini, atatsinzina, akumvetsera.

"Musamuope," anakuwa kuti amveke. "Akuimba bwino. Konso amakonda phiri kuposa chigwa!"

Chigwa chinayamba kutsalira pansi, minda ya thonje ikuchepa, njanji ikuoneka ngati ulusi. Mphepo inasintha, inayamba kuzizira. Pa kona ina yothina anakumana ndi lole ikutsika, Mai Ursula n'kufinyikira kukhoma la phiri, galimoto n'kuima. Hilario anadumpha kuti aike mwala kutayala, koma asanaupeze Pijo inali itadzuka kale yokha, moti anachita kuithamangira, a Lazaro akumukoka ndi kolala kwinaku akuseka.

Atafika pamwamba anaima. Hilario anatsegula boneti, a Lazaro anaika chikhatho pa redieta n'kuchisiya pomwepo.

"Ofunda ngati madzi osambitsira khanda," anatero. Mai Ursula anaimba nthungululu mpaka mbuzi za m'mbali mwa msewu zinabalalika.

A Nyamazizi anatsika n'kudzifunditsa chitenje, akuyang'ana mapiri a ku Dedza. Kenaka ananena motsitsa kuti mng'ono wawo Beatrice anakwatiwa m'mudzi wina kuseri kwa chitunda chimene chinali patsogolo pawo, ndipo anali asanaonane zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa miyendo ya onse awiri inali itakana phiri.

"Ndiye tikuimiranji pano?" anatero Mai Ursula. "Kwerani!"

Anapatuka m'kanjira ka ngolo, kudutsa minda ya kachewere, mpaka pa nyumba ya njerwa zosaotcha. Mayi wina wa imvi anali pabwalo akupeta nyemba. Ataona amene akutsika m'galimoto anaponya lichero, nyemba n'kumwazika bwalo lonse, nkhuku n'kuchita phwando. Awiriwo anakumbatirana, akulira, akuseka, akukankhana kuti aonane bwino, n'kukumbatirananso. Anthu a m'mudzi anasonkhana, mipando inatuluka, wina anathamangira kukagwira nkhuku.

Mtima utakhala pansi, a Beatrice analoza Hilario amene anaima pafupi ndi galimoto, malaya ali oilo yekhayekha.

"Nanga awa ndani, achemwali? Adalaivala?"

"Amenewa ndi bambo a Rozi, amuna a Christina," anayankha a Nyamazizi. "Makaniko wa ku Golomoti konse. Manja awo ndi abwino, kungoti nyundo amamenyetsa. Bwerani kuno, bambo a Rozi, mudzapereke moni kwa amayi anu aang'ono."

Anatsika phiri dzuwa litapendeka. Mchenga uja anaukhuthula, m'matumbamo munalowa kachewere ndi kabichi za ku ukwati wa Agnes. A Beatrice nawo anamanga kamtolo ka zovala n'kudzipanikiza kutsogolo pakati pa mkulu wawo ndi Mai Ursula, ati akaone nyumba ya ku Mtakataka sabata imodzi. Amayi atatuwo anayamba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo kumbuyo a Lazaro anagwira Hilario paphewa n'kumufunsa kuti awafotokozerenso bwinobwino za kabureta ya Datisani, poti tsiku lija sanamvetse.